Chuku M'munda wa Alamu Anga

Alamu anga a Gracian ndi munthu amene akhoza kukupsetsani mtima popanda kukulakwirani chilichonse. Sakweza mawu, sathamanga, ndipo mukawafunsa funso amayamba ayang'ana pansi ngati yankho analigwetsa. Ine ndine waphuma, sindikana. Ndiye chikwatirireni achemwali anga a Keturah, chilamu chathu chakhala chomwecho, ine kulalata, iwo kumwetulira n'kundithirira tiyi.

Anakulira ku Mponela, m'munda wa fodya wa bambo awo. Asanadziwe kulemba dzina lawo ankadziwa kale kufesa nazale, kuwokera, kuthyola, kusoka ndi kuyanika fodya m'chigafa. Koma ndudu sanayiyikepo pakamwa, mowa sanaulawepo. Kuno ku England anabwera chifukwa cha sukulu, sukuluyo n'kuthera m'njira monga zimakhalira, ndipo anapeza ntchito m'nyumba yaikulu yosungiramo katundu kufupi ndi Lutterworth. Kumeneko akhala akunyamula mapaleti a katundu mpaka imvi zamera. Khonsolo inawapatsa nyumba ku Braunstone, ya zipinda zogona pamwamba, ndi kabwalo ka udzu kuseri. Mwana wawo ndi mmodzi, Mthunzi, wobadwira konkuno, amene ukamulankhula Chichewa amamva zonse n'kukuyankha m'Chingerezi. Pa nthawi imene ndikunenayi anali ku yunivesite ku Sheffield.

Pa mpingo wathu, umene umasonkhana m'holo yobwereka Lamlungu masana, a Gracian ndi mkulu wa mpingo. Chimene ankadana nacho kuposa zonse chinali chamba. Akapeza anyamata akusuta pamalo odikirira basi, ankatulutsa kampango m'thumba, kutseka mphuno, n'kukaima patali mvula ikuwanyowetsa. Ndikunena zimenezi kuti mumvetse kukula kwa chimene anadzachita.

Achemwali anadwala khansa ya m'bere. Anachitidwa opaleshoni, anakhala bwino, anabwerera ku ntchito yawo yosamalira okalamba, kenako matenda aja anabweranso ndipo ulendo uno analowa m'mafupa. Masitepe anawakanika. Tinatsitsa bedi n'kuliika pabalaza, pafupi ndi khomo la kukhitchini. Ine ndimakhala ku Hyson Green, ku Nottingham, nanenso ndimasamalira okalamba, choncho ndinkakwera sitima Loweruka lililonse kudzawasambitsa ndi kuwaluka tsitsi limene linameranso.

Kunkabwera nesi wochokera kuchipatala, dzina lake Zeenat, mtsikana waulemu wovula nsapato pakhomo. Ankakhala pamphepete pa bedi n'kufunsa kuti ululu uli bwanji. Achemwali ankakonza duku, kumwetulira, n'kuyankha m'Chingerezi kuti ali bwino, zikomo kwambiri. Alamu naonso ankagwedeza mutu kuvomereza. Pamenepo n'kuti mapilitsi amene anapatsidwa akuwasanzitsa mpaka anasiya kumwa ena, ndipo nesi akangotuluka ankaluma pilo kuti asalire mokweza. Ndinalalata mpaka mawu kusasa. Achemwali anandiyankha kuti mlendo salandiridwa ndi madandaulo, komanso anthuwo akuyesetsa, kuwauza kuti mankhwala awo sakugwira n'kuwanyoza. Ndinkakwera sitima yobwerera mtima ukuwira.

Zimene zinkachitika m'chipinda chapamwamba ndinadzazidziwa mochedwa. Mnzawo wina wa kuntchito, ataona alamu akuwonda, anawapatsa kabotolo ka mafuta a chamba n'kunena kuti mafutawo anathandiza mayi ake. A Gracian anayenda nako m'thumba la jekete masiku angapo, akupemphera, akufuna kukataya, osakataya. Tsiku lina masana, achemwali ululu utawapinda, anawadonthezera pang'ono pa lilime. Anagona. Podzuka anapempha tiyi ndi buledi. Ngati anali mafutawo kapena kutopa chabe, ine sindine dokotala, koma kwa mwamuna amene waona mkazi wake akudya patapita nthawi yaitali, nkhani inathera pomwepo.

Kabotolo kanayamba kuchepa. Mnzawoyo anawauza kuti ena akagule kwa anyamata a kuseri kwa mashopu. Alamu anakana. Sankadziwa amene analima, sankadziwa zimene anathiramo. Anati chimene chilowe m'kamwa mwa mkazi wawo alima okha. Ankadziwa kuti malamulo a kuno salola, ankadziwa zimene mpingo unganene, koma anapeza mbewu, zidebe ndi nyale, n'kusandutsa chipinda cha Mthunzi kukhala munda.

Loweruka lina mu Novembala achemwali anali ndi kachifuwa kouma kamene sindinakakonde. Ndinakwera pamwamba kukatenga bulangete lina. Chitseko cha chipinda cha Mthunzi ndinachipeza chotseka, mpata wapansi atautseka ndi chitenje chopindapinda. Ine chitseko chotseka sindichidutsa. Ndinachotsa chitenjecho ndi phazi n'kukankha.

Kutentha kwake kunandimenya kumaso, kutentha konyowa, kwa m'bafa munthu atangosamba. Zenera analiphimba ndi bulangete n'kumata m'mbali ndi tepi. Kabowo ka mpweya ka pakhoma anakatseka ndi masokosi. Hita inali yoyaka. Madzi ankatsika m'khoma, ndipo pakona ya denga panada bii. Pakati pa chipinda panali mitengo ya chamba yofika m'chifuwa mwanga, yoimikidwa pa mzere wowongoka bwino, uliwonse womangiriridwa ku kamtengo ndi nsanza yong'ambidwa mosamala. Masamba ake anali oyera ngati wina wawawaza ufa.

Ndinamva mapazi kumbuyo kwanga. Anali alamu, beseni la madzi m'manja, kansalu paphewa.

"Alamu, ichi n'chiyani?"

"Ndi munda, mlamu."

"Munda ndikuuona. Ndikufunsa kuti mkulu wa mpingo akulima chiyani m'chipinda cha mwana."

"Lowani mutseke chitseko," anatero motsitsa mawu. "Fungo lingatuluke."

Ndinalowa, ndipo anandifotokozera zonse ataimirira, beseni lili m'manja. Za chamba anangodutsapo mwachidule, maso ali pansi. Chimene chinawadzaza pakamwa chinali chuku. Anati chinayamba ngati timadontho toyera pa masamba apansi. Anatenga kansalu n'kupukuta tsamba lililonse, pamwamba ndi pansi pomwe, m'mawa uliwonse asanakwere basi ya ku ntchito. Pobwera ankapeza chabwerera. Anathyola masamba odwala, chinatulukira pa ena. Anawaza phulusa la makala owotchera nyama, monga mayi awo ankachitira pa nkhwani. Anayesa madzi a sopo. Anayesa kufufuza pa foni, koma aliyense ankanena zake ndipo iwo ankachita manyazi ngakhale kulemba dzina la mbewuyo.

"Sindinaphonyepo kuthirira," anatero, ngati mwana wodziteteza kwa aphunzitsi. "M'mawa ndi madzulo, ngakhale nditatopa bwanji."

Ndinayang'ana m'zidebe. Dothi linali thope lenileni. Apa m'pamene ndinamvetsa. Ku Mponela nazale ya fodya imafesedwa dzuwa likuswa mtengo, ndipo mwana amene waphonya kuthirira madzulo amakumana ndi bambo ake. Lamulo limenelo linawalowa m'mafupa. Analinyamula mpaka ku Braunstone, m'chipinda chopanda dzuwa loti limwe madziwo, chopanda mphepo yoti iumitse tsamba. Ndipo zenera anatseka pa zifukwa ziwiri, kuti oyandikana nawo asanunkhize, komanso kuti mbewu yozolowera kotentha isazizidwe. Anaifunditsa monga ankafunditsira mkazi wawo.

"Alamu, chigafa cha bambo anu chinali ndi makoma?"

Anayang'ana pansi.

"Ndikufunsa. Fodya munkamuyanika m'nyumba yotseka?"

"Chinali denga lokha ndi mizati," anayankha. "Mphepo imayenera kudutsa."

"Ndiye apa mphepo ikudutsa pati?"

Anayang'ana masokosi aja pakhoma. Zimenezi ankazidziwa kuposa ine, anabadwa nazo. Manyazi ndi amene anawaiwalitsa.

Ndinagwira nsonga ya mtengo umodzi, pamene maluwa anaunjikana, n'kuikanula ndi zala. Kunja inkaoneka yabwino. M'kati munali ubweya wotuwa ndi zowola zofiirira zimene zinandimatirira ku chala. Ndinakanula ina, chimodzimodzi. Alamu anaika beseni pansi, anawerama n'kununkhiza, kenako anatseka maso.

"Mphuno inandiuza kale," anatero. "Ndimaopa kutsegula. Fodya wotere ku okushoni amabwezedwa."

Ndinawauza mosabisa zimene ndimadziwa kuchokera ku ntchito. Munthu amene walandira mankhwala amphamvu a khansa thupi lake limakhala lopanda chitetezo. Chuku chimene ife tingapume n'kungoyetsemula, iye chikhoza kumulowa m'mapapo n'kumugoneka kuchipatala. Sichichapika, sichitha ndi kuwiritsa, ndipo fumbi lake limayenda pa malaya a munthu wotsika masitepe kukakhala pa bedi la wodwala. Ndinawakumbutsa za kachifuwa kaja. Sindinanene kuti kachokera m'chipindamo, chifukwa sindinkadziwa, koma nkhope yawo inasintha ngati ndanena.

Anayamba kunenerera. Mtengo wa pakonawo unkaoneka wabwino. Kukolola kunali kutatsala pang'ono. Bwanji adule zowola zokha n'kusunga zotsala? M'kabotolo munali mutatsala tapansi, ndipo tikatha amupatsa chiyani mkaziyo?

"Mukufuna muwaphe ndi manja anu omwe?" ndinatero.

Mawu amenewo anatuluka akuthwa kuposa mmene ndinkafunira. Anangotenga tsamba limodzi n'kuyamba kulipukuta ndi kansalu kaja, pang'onopang'ono, kuyambira kuphesi mpaka kunsonga. Ndinaona zala zawo zong'ambika ndi kuzizira kwa ku ntchito, ndipo ukali wonse unandithera. Ndinawamvera chisoni chimene sindinamverepo mwamuna aliyense. Munthuyu anagulitsa ulemu wake wonse kuti mkazi wake agone tulo, ndipo zokolola zake zinali kuwola iye akuyang'ana.

Kenako tinamva mawu ochokera pansi, ofooka koma omveka.

"Inu awiri, mukamaliza kukangana mutsike."

Tinasamba m'manja, alamu anasintha malaya, n'kutsika. Achemwali anali atatsamira mapilo, akutiyang'ana ndi maso aja amene ankandiyang'ana nawo ndili mwana ndikaba shuga.

"Bambo a Mthunzi, nyumba za khonsolo zilibe chinsinsi. Chidebe chimakwera m'mawa, chimakwera madzulo. Mumaganiza kuti ndimati mukusambitsa ndani kumeneko?"

"Mayi a Mthunzi, ndimafuna ndikuuzeni zikacha."

"Zacha?"

"Zachita chuku."

Achemwali anayang'ana kudenga. Ankadziwa tanthauzo lake, naonso ndi mwana wa mlimi, ndipo ankadziwa kuti kabotolo katsala pang'ono kutha. Ndinaona mantha akudutsa pankhope pawo, koma anawameza.

"Musanazule ndikufuna ndiuone," anatero. "Mwamuna wanga walima munda chifukwa cha ine, ndiye uzulidwe ine osauona?"

Ndinakana nthawi yomweyo. M'chipindamo sakanalowa, ndipo mitengoyo sikanadutsa pabalaza yosakulungidwa. Anandiyang'ana n'kunena kuti zenera la chipinda cha Mthunzi limayang'ana kuseri, ndipo njinga yawo ya odwala imatuluka bwinobwino pa khomo la kukhitchini.

Alamu anauma. Kuseri kwa nyumba za ku Braunstone mabwalo amagundana, mipanda yake yofika m'chiuno, mazenera a anthu mbali zonse. Chilichonse chimene anamata ndi tepi kwa miyezi yonseyi anachimatira kuti maso amenewo asaone. Anayang'ana akazi awo, anayang'ana pansi monga mwa chizolowezi chawo, kenako anakwera masitepe.

Ndinawaveka achemwali juzi, jekete, chipewa ndi mabulangete awiri, n'kuwakankha mpaka pa udzu. Kunali kowala koma kozizira kolasa m'mafupa. Tsidya la mpanda a Munaf, oyandikana nawo oyendetsa takisi, ankakung'untha makapeti a m'galimoto. Tinamva tepi ikung'ambika pamwamba. Bulangete linagwa, zenera linalimbalimba kenako linatseguka, ndipo nthunzi inatuluka. Alamu anaonekera atanyamula chidebe ndi manja awiri, n'kuchikhazika pa zenera, mtengo wonse uli poyera, masamba akugwedezeka ndi mphepo koyamba chimerereni.

A Munaf anakweza mutu. Anayang'ana mtengowo, anayang'ana achemwali pa njinga, kenako anauza a Gracian m'Chingerezi kuti lero kwazizira, n'kunyamula makapeti awo kulowa m'nyumba. Nkhaniyo sanayitchulepo mpaka lero.

Achemwali anaika dzanja pamphumi n'kuyang'ana nthawi yaitali.

"Watalika bwino," anatero. "Mwaumangirira ngati wa pachionetsero. Enawo ali choncho?"

"Onse."

"Ndionetseni wina."

Anawaonetsa umodzi umodzi mpaka yonse inatha. Madzi akuda ankadontha pansi pa zidebe n'kutsika m'khoma la nyumba.

"Koma mwathirira kwambiri, bambo a Mthunzi. Ndi mmene mumachitira ndi chilichonse chimene mumakonda. Ine tiyi wanu wanditopetsa, ndimangomwa kuti musadandaule." Anaseka, chifuwa n'kuwagwira, kenako anapukuta maso ndi ngodya ya bulangete. "Zikomo. Palibe amene anandilimirapo munda wotere. Tsopano zulani."

Alamu anadula okha ndi mpeni wa kukhitchini. Ndinati ndiwathandize, anakana. Ine ndinangowapatsa zophimba kukamwa ndi magolovesi a ku ntchito kwanga n'kumagwira matumba akuda. Tinamanga zonse, dothi lomwe, n'kutsitsira pa zenera ndi chingwe kuti zisadutse m'nyumba. Tinachotsa masokosi pa kabowo, tinakwecha makoma ndi mankhwala ophera chuku, kapeti tinaikulunga n'kuitaya. Pomaliza chipinda chinali chopanda kanthu, chozizira, chonunkha mankhwala. Alamu anaima pakati pake manja ali lende. Sanalire, koma tiyi wa madzulo amenewo anaiwala kuthira shuga.

Lolemba sindinapite ku ntchito. Ndinaimba foni n'kunena kuti kunyumba kuli matenda, ndipo sindinaname. Kabotolo kanatha Lamlungu, ndipo m'mawa wa Lolemba achemwali anali atagwira chitsulo cha bedi mpaka zala kuyera. Ndinali nditakonzeka kuti nesi akangolowa ndilankhula ndine, akwiye amene akwiye. Alamu anandigwira mkono m'khitchini.

"Mlamu, lero mukhale chete. Ndikupemphani."

Sindinawamvepo akundipempha kanthu, choncho ndinatseka pakamwa.

Zeenat anafika chakumasana, anavula nsapato, anakhala pamphepete pa bedi. Asanafunse kalikonse, a Gracian anaimirira pamaso pake manja ali kumbuyo, ngati ali pa bwalo la mpingo, n'kumuuza zonse m'Chingerezi chawo chosamala. Za kabotolo, za mbewu, za chuku, za kachifuwa. Anatchula dzina la mbewuyo momveka. Mtsikanayo sanatukule nsidze. Anatulutsa chomvetsera chake, anamvetsera m'chifuwa mwa achemwali kutsogolo ndi kumbuyo, n'kunena kuti awauza adokotala tsiku lomwelo kuti aunike. Kenako ananena mofatsa kuti mankhwala a ululu si amtundu umodzi, alipo ena, ndipo alipo oletsa kusanza, koma iye sangasinthe kanthu ngati wodwala akunena kuti ali bwino.

Anatembenukira kwa achemwali n'kufunsa funso lake lija.

Ndinaona dzanja la achemwali likukwera kukakonza duku. Milomo inayamba kumwetulira. Ndinkadziwa mawu amene akubwera.

A Gracian anagwada pambali pa bedi, mawondo akulira, n'kugwira dzanja limenelo lisanafike pamutu. Analankhula m'Chichewa.

"Mayi a Mthunzi, munda watha. Ine ndilibenso choti ndikupatseni. Ndikanakhala nacho sindikanakuvutitsani. Muuzeni mwanayu."

Achemwali anawayang'ana, kenako anayang'ana nesi. Chingerezi amachidziwa bwino, agwira nacho ntchito zaka zambiri, koma chinawathawa.

"Zikupweteka," anatero motsitsa. "Msana, chiuno, mwendo uwu. Ndikapuma zikupweteka. Mapilitsi aja ndinasiya kalekale. Ndatopa, bambo a Mthunzi."

Alamu anamasulira mawu aliwonse, osachotsapo ngakhale amodzi, misozi ikutsikira m'kolala ya shati. Atafika pa mawu omaliza mawu awo anaduka. Anawanenanso mpaka nesi anamva.